Mafunso a Owerenga: Ndikanene Chiyani pa Chiliza cha Amayi?

FUNSO

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu, ndipo ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale. Amayi anga anatisiya chaka chatha m'mwezi wa Ogasiti kumudzi kwathu, kufupi ndi Nkhamenya m'boma la Kasungu. Abale tagwirizana kuti tikatha kukolola tikavundukule chiliza chawo, ndipo amalume, amene ndiwo mwini mbumba, asankha ine kuti ndikawerenge mbiri ya malemu, ati poti ndine wophunzira pabanja pathu. Ndakhala ndi pepala ndi cholembera kwa masabata atatu koma ndalemba mizere inayi yokha: kuti anabadwa, anakwatiwa, anabereka ana asanu ndi awiri, ndipo anamwalira. Amayi analekezera sukulu Sitandade 2, sanalembedwepo ntchito, ndipo sanakhalepo pa udindo uliwonse kupatula kukhala m'gulu la amayi kutchalitchi. Moyo wawo wonse unathera kumunda, kudimba ndi pamphasa za odwala. Anadwazika abambo zaka zinayi, anadwazikanso achemwali anga awiri amene anamwalira motsatizana, kenaka analera zidzukulu zisanu zamasiye. Pamaliro kuno m'tauni ndimamva mbiri zodzaza ndi masukulu, madigiri ndi maudindo, ndipo ndikuopa kuti yanga ikatha mphindi imodzi isanakwane, anthu n'kumaona ngati amayi sanachite kanthu padziko. Ngakhale chaka chimene anabadwa sitikuchidziwa bwinobwino. Ndithandizeni, ndikanene chiyani?

Mphunzitsi wa ku Chibavi, Mzuzu

YANKHO

Amayi a ku Chibavi, pepani ndithu chifukwa cha imfa ya mayi anu. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndaona kuti mbiri imene mukuti ikukukanikani mwailemba kale theka lake, pamene mwatchula munda, dimba, mphasa za odwala ndi ana asanu amasiye. Chimene chakumangani manja ndi kalembedwe kamene tazolowera m'tauni, kondondomeka ngati fomu yofunsira ntchito: anaphunzira kwakuti, anagwira ntchito kwakuti, anapuma ntchito chaka chakuti. Kalembedwe kameneko kamayenera munthu amene zochita zake zinkasungidwa m'mafayilo a muofesi. Zochita za mayi anu zinasungidwa m'mitu ya anthu amene anadya nsima yawo, choncho liikeni kaye pambali pepalalo, mupite mukafunse.

Tiyambe ndi chaka chobadwa, poti ndicho chimene anthu amafuna kuzokota pamwala. Amayi ambiri a msinkhu umenewo sankadziwa tsiku limene anabadwa, ndipo chaka chimene chili pa chitupa cha unzika chimene analembetsa pa kalembera wa 2017 nthawi zambiri chinali chongoyerekeza pakati pa iwo ndi mlembi. Ngati anabatizidwa ali khanda kapena ali mtsikana, kaundula wa ubatizo kuparishi kapena kumpingo kwawo angakuthandizeni kuposa chitupacho, chifukwa mamishoni ankasunga mabuku otere mosamala kwambiri. Zikakanika, werengani zaka monga mmene akuluakulu amawerengera, potsamira zochitika zimene dziko lonse limakumbukira. Funsani amalume ngati amayi anali atatha msinkhu pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964. Afunseninso ngati ukwati unachitika anthu akugulabe ndi mapaundi ndi masheleni, kapena kwacha ndi tambala zitabwera kale mu 1971, komanso ngati mwana woyamba anabadwa amuna akupitabe kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, kapena ulendowo utaimitsidwa mu 1974, ndege yonyamula ogwira ntchito kumigodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana. Mukapeza mayankho awiri kapena atatu otere chaka chobadwa chimayandikira chokha, ndipo palibe chochititsa manyazi kuima pagulu n'kunena kuti anabadwa cha m'ma 1950. Kutero kuli bwino kusiyana ndi kulemba pamwala tsiku limene mwangolipeka kuti pasakhale popanda kanthu.

Kumudziko mupite mwambo ukadali kutali, osati dzulo lake pamene aliyense ali kalikiliki kukonola chimanga ndi kuphika thobwa. Kuchoka ku Mzuzu m'mawa, kudutsa Chikangawa ndi Jenda, mufika pa Nkhamenya dzuwa likadalipo, ndipo Loweruka limodzi ndi Lamlungu lake likukwanirani. Amalume akuuzani za mtundu, za ukwati ndi za malire a minda, ndipo zimenezo n'zofunika, koma musalekere pomwepo. Kafufuzeni amayi amene ankasinja nawo pamtondo umodzi, amene ankatunga nawo madzi, amene ankagona nawo pasiwa maliro akagwa m'mudzi, ndiponso zidzukulu zija zimene tsopano zakula. Samalani ndi kafunsidwe. Mukafunsa kuti malemu anali munthu wotani, aliyense akuyankhani kuti anali wabwino, wosakangana ndi munthu, chifukwa mawu amenewo timawanenera wakufa aliyense, ngakhale uja ankasowetsa mudzi mtendere. Funsani zinthu zogwirika: ndani ankagona ndi wodwala usiku, fizi ya ku sekondale inkachokera kuti, mbuzi yoyamba pakhomo inabwera bwanji, njala ya 2002 munadya chiyani. Ngati avomera, jambulani mawu awo pafoni, chifukwa nkhalamba ikayamba kusimba simungathe kuithamangira ndi cholembera.

Funso la njala ya 2002 ndalitchula dala. Kasungu linali limodzi mwa maboma amene njala imeneyo inawakantha koopsa, makamaka mu Febuluwale ndi Malichi chaka chimenecho, mpaka boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu ankadya gaga, zitsa za nthochi ndi chimanga chosakhwima, ankagulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wolira, ndipo ena ankasiya minda yawo ili thengo n'kumakapalira ya eni kuti apeze kambale ka ufa. Ngati pakhomo pa mayi anu ana anatuluka amoyo m'miyezi imeneyo, alipo wina m'mudzimo amene akudziwa mmene zinachitikira, kaya ndi mbatata za kudimba, kaya ndi ganyu, kaya ndi mayi amene ankanena kuti wadya kale pomwe sanalawe kanthu. Nkhani imodzi yotere, yosimbidwa ndi dzina la malo ndi mwezi wake, ikhala m'makutu a anthu nthawi yaitali kuposa mndandanda wa maudindo.

Mwanena kuti amayi sanalembedwepo ntchito, ndipo n'zoona kuti panalibe amene ankawalipira pakutha pa mwezi, koma mawu akuti sanagwirepo ntchito musawalole kulowa mu mbiriyo. Werengani nokha chaka cha mlimi wa kwanuko. Kusosa ndi kulima mizere kumayamba dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, kubzala kumabwera ndi mvula yoyamba, kenaka kupalira, kuthira feteleza ngati alipo, ndi kubandira, zonsezi m'miyezi imene nkhokwe imakhala itapepuka ndipo munthu amagwira khasu m'mimba muli zii. Akamaliza kukolola, kutonola ndi kukumba mtedza, dimba limakhala likudikira kuthiriridwa, ndipo nkhwani ndi khwanya zimafunika kufutsidwa kuti pa chilimwe pasasowe ndiwo. Kwanu ndi dziko la fodya, ndipo kuyambira pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi ndi ana ndiwo akhala akuthyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa, pomwe dzina lolembedwa pabelo lopita ku okushoni nthawi zambiri limakhala la bambo. Ngati zinali choncho pakhomo panu, pa chiliza ndi pamalo poyenera kunena mwaulemu kuti m'mabelo amenewo munalinso thukuta la malemu.

Ndiloleni ndipatukire kwanga pang'ono. Mayi anga atamwalira tinapeza khasu lawo kuseri kwa chitseko, litatha mpaka kutsala ngati chikhatho cha mwana, mpini wake uli see, woterera ndi wakuda pamalo awiri pamene manja ankagwira. M'khitchini, pamwamba pa mafuwa, panali zisononkho zisanu ndi ziwiri za chimanga cha makolo zomangidwa ndi makoko ake, zitada ndi mwaye, zimene anasankha kuti zikhale mbewu ya chaka chimene sanachione. Ndinakumbukiranso matumba a ufa amene ndinkakalandira kudepoti kuno ku Mzuzu ndili wongoyamba kumene ntchito, dzina langa litalembedwa ndi mwana wa sukulu pakapepala kosokerera kukamwa kwa thumba, ndipo mkati, pakati pa ufawo, mutabisidwa kamtolo ka mtedza kuti a m'basi asakaone. Pamaliro awo zonsezi sindinazinene. Ndinawerenga mizere inayi ngati yanuyi n'kukhala pansi, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Za kudwazika muzinene modekha komanso mokwanira, chifukwa ndi ntchito imene ochepa amaiwerengera. Simunatchule matenda amene anatenga achemwali anu, ndipo ine sindikufunsani. Pamwambopo musawatchulenso pokhapokha ana awo atavomera, popeza iwo ndi amene adzatsale ndi mawuwo. Chimene tonse tikudziwa n'chakuti kuyambira pamene Edzi inapezeka m'dziko muno mu 1985 kufikira pamene mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, midzi yathu inaika m'manda anyamata ndi atsikana osawerengeka, ndipo katundu yense anagwera agogo amene ankayembekeza kuti tsopano apuma. Aliyense amene anakhalapo gadiyani m'chipatala akudziwa tanthauzo la zaka zinayi zimene mwatchulazo: kugona pansi pa simenti pachitenje chimodzi m'mbali mwa bedi, kudzuka usiku kukatembenuza wodwala, kuchapa zofunda m'bandakucha anthu asanaone, kuphika phala pamafuwa kumalo a odikirira odwala, n'kumaganiziranso za munda umene watsala wosapalira kumudzi. Kunyumba nako n'chimodzimodzi, kungoti kulibe namwino woti n'kumuitana. Munthu amene anachita zimenezi katatu konse, kwa mwamuna wake ndi kwa ana ake awiri, mbiri yake singathe mphindi imodzi isanakwane.

Zidzukulu zisanu zija muzitchule mmodzimmodzi, ndipo ngati n'kotheka ziimirire pamene mukuzitchula. Maphunziro a ku pulayimale anakhala aulere mu 1994, koma yunifomu, makope, sopo ndi fizi ya ku sekondale zinkafunabe ndalama, ndipo kumudzi ndalama imeneyo imachokera m'khola la mbuzi ndi m'thumba la mtedza. Inunso musadziiwale. Amalume akuti ndinu wophunzira pabanja panu, koma satifiketi ya uphunzitsi imene muli nayo inagulidwa ndi khasu la mayi amene analekezera Sitandade 2, choncho ngati mukufuna sukulu yoti muitchule mu mbiriyo, tchulani yanuyo monga imodzi mwa ntchito za manja awo. Akale anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo ine ndimaona kuti ife ophunzira ndi amene mwambi umenewu umatilasa kwambiri, chifukwa timayeza makolo athu ndi muyezo wa kusukulu.

Musawasandutse mngelo. Ngati anali aukali pa nkhani ya kuba, ngati ankakalipa mwana akataya nsima, ngati sankalola kuti munthu agone dzuwa litatuluka, nenani, ndipo muona anthu akumwetulira misozi ili m'maso chifukwa chowazindikira. Zokhumudwitsana za pabanja, ngongole ndi milandu ya minda zisiyeni, zili ndi bwalo lake. Mbiriyo isapitirire mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, poti padzakhalanso mawu a amfumu, a kumpingo ndi a kuchimuna, ndipo anthu adzakhala ali padzuwa. Mukamaliza kulemba muwawerengere amalume ndi mmodzi wa amayi achikulire aja kuti akonze pamene mwaphonya, ndipo zimene zatsala zosanenedwa pamwambo muzilembe m'kope, mwana aliyense ndi mdzukulu aliyense alandire yake.

FUNSO

Azakhali,

Ine ndimakhala ku Luwinga ndipo ndimagwira ntchito ya ukalipentala. Kwathu ndi ku Ntchisi. Amayi anamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndipo anasiya munda waukulu ndi dimba zimene anatilerera tonse asanu ndi mmodzi abambo atamwalira. Ife amuna anayi tili m'matauni, mlongo wathu mmodzi anakwatiwa kutali, ndipo wina ndi amene anatsala kumudzi n'kuwasamalira amayi mpaka tsiku lomaliza. Akulu anga akuti tigulitse mbali ina ya munda kuti timange chiliza cha matailosi chooneka bwino, anthu adziwe kuti mayiyu anabala ana. Mtima wanga sukuvomera, koma ndikuopa kuoneka ngati woumira pa mayi anga omwe. Kodi ndikulakwa?

Kalipentala wa ku Luwinga, Mzuzu

YANKHO

Bambo a ku Luwinga, simukulakwa, ndipo ndikupemphani kuti muwauze akulu anu maganizo anuwo msanga, wogula asanapezeke. Cholinga chawo n'chabwino, akufuna kulemekeza mayi awo, koma njira imene asankha ikudula dzanja la munthu mmodzi amene anachita zambiri kuposa nonsenu. Mlongo wanu amene anatsala kumudzi ndiye ankawasambitsa amayi, kuwaphikira ndi kuwaperekeza kuchipatala pamene inu munkatumiza ndalama pafoni, ndipo munda umenewo ndiwo chakudya chake ndi cha ana ake. Pa mwambo wa Achewa a ku Ntchisi, kumene mbumba imawerengedwa kuchikazi, munda wa mayi kawirikawiri umatsalira ana aakazi amene ali pamudzi, ndipo amuna amakhala oyang'anira ndi oteteza mbumbayo. Mwamuna amene akugulitsa munda wa mlongo wake wasiya udindo umene mwambo unamupatsa.

Dziwaninso kuti munda wa kumudzi sugulitsidwa ngati puloti ya ku Luwinga. Ndi malo a makolo amene ali pansi pa mfumu, ndipo banja lonse liyenera kumvana chisanachitike chilichonse. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti banja lilembetse munda wake kuti ukhale ndi chikalata, choncho ngati muli ndi ndalama yoti muwononge pa mundawo, iwonongereni pofunsa kwa amfumu ndi kuofesi ya za malo kwa bwanamkubwa wa boma lanu mmene mungaulembetsere, dzina la mlongo wanu lisasowepo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 nalonso limaletsa kulanda katundu wa malemu kwa amene akuyenera kupindula naye, ndipo ngakhale pano palibe amene akuganiza zolanda, kugulitsa mlongo wanu asanavomere ndi mtima wonse kungadzabale mlandu umene ungadanitse ana anu ndi ake.

Chiliza chilibe tsiku lotsekera. Chimamangidwa chaka chilichonse m'chilimwe banja likakonzeka, ndipo njerwa, mchenga ndi matumba ochepa a simenti zimakwanira kuti manda asafafanizike ndi kuti dzina liwerengeke. Anthu asanu ndi mmodzi mukamasonkha pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo mungachimange osakhudza ngakhale mzere umodzi wa munda, ndipo inu amene muli ndi luso la manja mungathe kukapanga nokha chikombole cha simenti, ndalama ya mmisiri n'kupulumuka. Ngati akulu anu akufunitsitsa matailosi, awonjezere za m'thumba mwawo, palibe woletsa. Ngati vuto lenileni ndi lakuti mundawo ndi waukulu moti mlongo wanu sangaumalize yekha, kubwereketsa mbali ina kwa chaka chimodzi pamaso pa amfumu n'kosiyana kutali ndi kugulitsa, chifukwa mvula ikatha mundawo umabwerera kwa eni ake.

Mukafuna kumuthandiza mlongoyo pa ulimi, simukusowa kopita kukaphunzira, poti pafupi nanu pomwepa, ku Ekwendeni, alimi akhala akugwira ntchito ndi bungwe la Soils, Food and Healthy Communities kuyambira mu 2000, kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza ndi kukwirira masangwi ake m'nthaka kuti chonde chibwerere popanda kudalira feteleza yekha, amene mtengo wake tonse ukutiliza. Mukapita kumudzi mukamufunsenso ngati mbewu za amayi zikadalipo, chimanga cha makolo, nzama, khobwe, maungu ndi mawere. Chimanga cha makolo chimabzalidwa chaka ndi chaka kuchokera pa zokolola zake zomwe, mosiyana ndi cha haibulidi chimene chimabwerera m'mbuyo mukachibwereza, komanso chimalimba kwa anankafumbwe ndipo chimatulutsa mphale yambiri pokonola. Mbewu ikagona zaka ziwiri kapena zitatu osabzalidwa imayamba kukana kumera, ndipo inu mwati papita kale zaka ziwiri, choncho ngati pali zisononkho zimene zatsala pamwamba pa moto, zilowe m'nthaka ndi mvula yoyamba ya chaka chino.